Tifunseni za Mpira wa ku America: Osewera a Pamzere Asankhidwe Pati pa Draft?

Kumapeto kwa Epulo chaka chilichonse, matimu 32 a ligi ya NFL amasankha osewera atsopano ochokera m'makoleji a ku America pa mwambo wa draft. Pamakhala ndime 7, ndipo timu imene inathera pansi penipeni chaka chathacho ndiyo imayamba kusankha. Ndime yoyamba imachitika Lachinayi usiku kwawoko, kuno kuli cha m'ma 2 koloko m'bandakucha wa Lachisanu. Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za amuna 5 a pamzere wakutsogolo, omwe ntchito yawo ndi kutchinjiriza quarterback, yemwe ndiye woponya mpira, ndi kutsegulira njira wothamanga ndi mpira. Kuyambira kumanzere, amenewa ndi left tackle, left guard, center, right guard ndi right tackle. Akuyankha ndi alembi athu a zamasewera.

Ndangoyamba kumene kutsatira mpira umenewu. Chimandidabwitsa n'chakuti timu imavutika chaka chonse, n'kupeza mwayi wosankha pa nambala 4 kapena 5, kenako n'kutenga chimunthu chonenepa chimene sichigwira n'komwe mpira. Kodi kumeneku si kutaya mwayi? (Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe)

Si kutaya mwayi ayi bambo, bola wosankhidwayo akhale tackle, ndipo akhale woyeneradi nambala imeneyo. Anthu a thupi lotere ndi osowa. Tackle wa mu NFL amatalika mamita 1.95 kapena kuposa apo, amalemera makilogalamu 140 kapena kupitirira, komabe amayenera kubwerera chambuyo mwachangu moti n'kutsekereza munthu wopepuka kuposa iye amene akubwera chothamanga, maso ali kutsogolo. Onenepa alipo ambiri, opepuka miyendo aliponso ambiri, koma okhala nazo zonse ziwiri amapezeka owerengeka pachaka. Matimu 32 akufuna ma tackle awiriawiri, ndiye kuti malo alipo 64, ndipo palibe chaka chimene malo onsewo anadzazidwa ndi anthu odalirika.

Chachiwiri ndi ndalama. Timu ikapeza tackle wabwino simusiya kuti apite, choncho pamsika wa osewera amene makontrakiti awo atha mumapezamo okalamba, ovulalavulala, kapena apakatikati ofuna malipiro a akatswiri. Mu 2024 Detroit Lions inapatsa Penei Sewell kontrakiti ya zaka 4 ya madola 112 miliyoni, ndipo Tampa Bay Buccaneers inapatsa Tristan Wirfs ya zaka 5 yoposa madola 140 miliyoni. Onsewa ndi pafupifupi madola 28 miliyoni pachaka, pamene malire a malipiro a timu yonse chaka chimenecho anali madola 255.4 miliyoni. Koma kuyambira 2011 malipiro a wosewera watsopano amaikidwiratu molingana ndi nambala imene wasankhidwira: kontrakiti ya zaka 4, ndipo kwa a m'ndime yoyamba timu ili ndi ufulu wowonjezera chaka chachisanu. Mukapeza tackle wabwino pa draft ndiye kuti kwa zaka 4 mukumulipira kachigawo chabe ka mtengo wake weniweni.

Kuti muone zimene zimachitika mzere ukafooka, taonani Houston Texans ya 2002. Inasankha quarterback David Carr pa nambala 1, tackle amene inkadalira, Tony Boselli, sanasewere n'komwe chifukwa cha phewa, ndipo Carr anagwetsedwa mpira uli m'manja ka 76 m'chaka chimodzi. Kugwetsedwa kumeneku ndiko amati sack. Ngakhale Patrick Mahomes, pa Super Bowl, ndime yotsiriza ya chikho cha NFL, ya mu Febuluwale 2021, ma tackle ake awiri Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz atavulala, anakhalira kuthawa usiku wonse, Kansas City n'kugonja 31-9 osagoletsa ngakhale touchdown imodzi, kutanthauza kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo.

Kuntchito kwathu timatsutsanabe za 2021. Ine ndimati Cincinnati Bengals inalakwa kusiya Sewell n'kutenga wolandira mpira Ja'Marr Chase pa nambala 5, pamene quarterback wawo Joe Burrow anali atangothyoka bondo. Anzanga amati Chase ndiye anawafikitsa ku Super Bowl. Tiweruzeni. (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, achimwene, n'chifukwa chake mkanganowu sukutha. Anzanuwo anena zoona kuti Chase anapeza mayadi 1,455 m'chaka chake choyamba, ndipo Bengals inafika ku Super Bowl. Inunso mukunena zoona, chifukwa chaka chomwecho Burrow anagwetsedwa ka 51 m'masewero a ligi, kuposa quarterback wina aliyense, n'kuwonjezera ka 9 pa masewero amodzi ndi Tennessee, ndiponso ka 7 pa Super Bowl yomwe anagonja 23-20 kwa Los Angeles Rams.

Koma tiyeni tione kuti adaniwo ankalowera pati. Pa masewero a Tennessee, Jeffery Simmons anamugwetsa katatu, ndipo Simmons amasewera pakati, moyang'anana ndi ma guard. Pa mpira womaliza wa Super Bowl, Aaron Donald anadutsa pa guard n'kumugwira Burrow asanaponye bwino. Sewell akanakhalapo akanatseka mbali imodzi yokha, pakatipo pakanakhalabe pobowoka. Mzere uli ngati mpanda wa khola: fisi salimbana ndi mtengo wolimba, amazungulira mpaka atapeza wofumbwa. Aphunzitsi a adani m'ligi imeneyi amathera sabata yathunthu akufufuza wofooka pa anthu 5 aja, ndipo Lamlungu amaika katswiri wawo pamenepo. Wolandira mpira mmodzi wapamwamba amasintha masewero payekha, pamene tackle mmodzi wapamwamba pakati pa anzake 4 ofooka sangathe kutero.

Kwa Lions zinali zosiyana. Pamene inkatenga Sewell pa nambala 7 inali kale ndi Taylor Decker, yemwe inamusankha pa 16 mu 2016, ndi center Frank Ragnow, wa pa nambala 20 mu 2018. Sewell anabwera kudzamaliza mzere womwe unali utaima kale, ndipo mphamvu yake yonse inaoneka. Timuyo inafika pa masewero olimbirana chikho cha NFC, chomwe chimafikitsa timu ku Super Bowl, mu Januwale 2024, kenako inapambana masewero 15 pa 17 m'chaka chotsatira.

Chiweruzo chathu ndi ichi: Cincinnati sinalakwe pa Chase. Inalakwa pa zimene zinatsatira. Timu ikasiya tackle pamwamba imakhala yadzimangirira kuti ndime yachiwiri ndi yachitatu zipereke osewera a pamzere oti n'kuyamba masewero. Bengals inatenga Jackson Carman pa nambala 46 ndipo sanakhazikike, moti chaka chotsatira inakagula osewera atatu a pamzere pamsika. Los Angeles Chargers inakumana ndi funso lomweli mu 2024, n'kuyankha mwina: inatenga Joe Alt pa 5 n'kusiya wolandira mpira Malik Nabers, ngakhale inali kale ndi Rashawn Slater kumanzere. Nayonso sinalakwe, poti ma tackle awiri odalirika amalola mphunzitsi kutumiza tight end, wosewera woima pambali pa tackle, kukalandira mpira m'malo momusunga kuti azithandiza kutchinga.

Nanga guard ndi center? Ndimamva ena akuti asamasankhidwe m'ndime yoyamba, komatu Quenton Nelson anapita pa nambala 6. (Wowerenga wa ku Zomba)

Nelson, yemwe Indianapolis Colts inamutenga mu 2018, ndi munthu wapadera, ndipo Zack Martin amene Dallas inamutenga pa 16 mu 2014 ndi winanso. Koma mu 2013 Arizona inatenga guard Jonathan Cooper pa 7, Tennessee n'kutenga Chance Warmack pa 10, ndipo onse awiri sanabweze chimene matimu awo anaikapo.

Vuto la guard pamwamba si loti ntchito yake ndi yochepa. Ndipotu njira yaifupi yofikira kwa quarterback ndi ya pakati, ndipo quarterback amadana kwambiri ndi mdani wobwera kumaso kwake kuposa wozungulira m'mbali, chifukwa wa m'mbali amamuzemba pongosuntha phazi limodzi kutsogolo, pamene wa pakati amamulanda malo opondapo poponya. Nkhani ndi yakuti ma guard abwino amapezeka m'munsi chaka ndi chaka. Guard amamenyera nkhondo yake pamalo opanikizika, mnzake ali kumanja wina kumanzere, choncho safunika miyendo ndi manja a tackle. Joel Bitonio anapita pa 35 mu 2014, Joe Thuney ndi Marshal Yanda m'ndime yachitatu, Jahri Evans m'ndime yachinayi kuchokera ku koleji yaing'ono ya Bloomsburg. Center Creed Humphrey anapita pa 63 mu 2021. Mukatenga guard pa 8 mwasiya tackle kapena wothamangitsa quarterback, amene simudzamupezanso pa 40, chifukwa cha munthu amene wofanana naye akanapezeka pa 40 pomwepo.

Palinso msampha wa malamulo umene ambiri saudziwa. Powerengera mtengo wa chaka chachisanu chija komanso wa franchise tag, njira yosungira wosewera chaka chimodzi kontrakiti yake ikatha, ligi imaika osewera onse a pamzere m'gulu limodzi, ndiye malipiro a ma tackle amakweza mtengo wa onse. Baltimore inakumana nazo mu 2025 pa center Tyler Linderbaum, yemwe inamusankha pa 25 mu 2022. Anali atasewera bwino kwambiri, koma chaka chachisanucho chikanadya madola 23.4 miliyoni, mtengo woposa umene center aliyense ankalandira pachaka nthawi imeneyo, ndipo timuyo inakana kuchitenga. Ndiye kuti phindu limodzi lalikulu la ndime yoyamba limatayika mukasankha center.

Ife timati guard ndi center azisakidwa kuyambira cha m'ma 20 mpaka 100. Pamwamba pa 15 pakhale pa munthu amene aliyense m'chipinda chosankhiramo akuvomereza kuti alibe mnzake.

Kodi nkhani ya kutalika kwa manja ndi yoona kapena ndi mwambo chabe? Ndipo pa mayeso a Combine, oyeza matupi ndi liwiro la osewera draft isanachitike, tiziyang'ana chiyani? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Ndi yoona mayi, kungoti ena amaipitiriza muyeso. Wofika ndi manja pachifuwa cha mnzake poyamba ndiye amalamulira nkhondoyo. Othamangitsa quarterback ambiri ali ndi manja aatali, ndipo akatambasula dzanja limodzi n'kulikhomeka pachifuwa cha tackle wa manja aafupi, tackle uja amangopalasa mphepo. Zikatero amakakamizika kuweramira kutsogolo kuti amufike, ndipo akawerama mdani amamukokera pansi kapena kumuzembera mkati. N'chifukwa chake matimu ambiri amafuna mainchesi 33, pafupifupi masentimita 84, ndipo ena sakhutira mpaka 34.

Rashawn Slater ali ndi mainchesi 33 enieni, ena ankati ndi guard, koma Chargers inamuika left tackle ndipo anachita bwino kuyambira chaka choyamba chifukwa miyendo yake imamufikitsa pamalo msanga. Peter Skoronski, wa mainchesi 32 ndi kota, Tennessee inamutenga pa 11 mu 2023 n'kumusamutsira pa guard. Mu 2025 Will Campbell anayezedwa 32 ndi 5/8 ku Combine, kenako 33 ku koleji yake ya LSU, ndipo New England inamutengabe pa 4. Kusiyana kwa miyeso iwiriyo pa munthu mmodzi kukusonyezeni kuti kachidutswa ka inchi si kokanira munthu. Lamulo lothandiza ndi ili: manja akachepera 33, onetsetsani kuti miyendo ndi yapamwamba, ndipo dzifunseni ngati mungakondwebe naye pa nambala imeneyo atathera pa guard.

Pa mayeso a Combine ku Indianapolis, mpikisano wa mayadi 40 uli ndi phindu lochepa kwa munthu wa pamzere, kupatula mayadi 10 oyambirira omwe amaonetsa liwiro lonyamukira. Ofunika kwambiri ndi short shuttle ndi three-cone, poti amayesa kupinda maondo, kutembenuka ndi kusintha njira thupi lili pansi. Kunyamula chitsulo cha mapaundi 225, omwe ndi makilogalamu 102, kumakomera a manja aafupi chifukwa chitsulocho chimayenda mtunda waufupi. Orlando Brown Jr. mu 2018 anachinyamula ka 14 kokha, anathamanga mayadi 40 m'masekondi 5.85, n'kutsikira m'ndime yachitatu pa nambala 83. Baltimore inakhulupirira zimene inaona pa makanema a masewero ake ku Oklahoma, ndipo iye anadzasankhidwa kangapo ku Pro Bowl, gulu la osewera opambana a chaka.

Ndimamva kuti tackle ndi chisankho chosaluza nacho. Nanga bwanji ambiri a pa nambala 2 analephera? (Wowerenga wa ku Chipata)

Mawu akuti chosaluza nachowo ndi osocheretsa. Pa nambala 2 pokha pagwa anthu angapo: Tony Mandarich ku Green Bay mu 1989, patsogolo pa akatswiri Barry Sanders, Derrick Thomas ndi Deion Sanders, Robert Gallery ku Raiders mu 2004, yemwe anathera pa guard, Jason Smith mu 2009, Luke Joeckel mu 2013, Greg Robinson ku Rams mu 2014, chaka chomwe Rams yomweyo inapeza Aaron Donald pa 13. Chimene chimachititsa anthu kuti aziti n'chosaluza n'chakuti tackle wolephera amatha kusamutsidwira mkati n'kumasewerabe, pamene quarterback wolephera amakhala pabenchi. Koma kulipira nambala 2 kuti mupeze guard wapakatikati ndi kuluza ndithu.

Zifukwa zake zimabwerezabwereza. Mandarich anadzavomereza yekha kuti mphamvu za kukoleji zinali za mankhwala. Kwa ena onse, gwero ndi kusiyana kwa mpira wa kukoleji ndi wa NFL. Makoleji ambiri amaponya mpira mwachangu kwambiri, tackle amayamba ataima osaika dzanja pansi, ndipo malamulo amalola wa pamzere kupita mayadi 3 kutsogolo mpira usanaponyedwe, pamene mu NFL ndi yadi imodzi. Choncho mnyamata akhoza kumaliza zaka zitatu asanasiyidwe yekha kawirikawiri ndi mdani kwa masekondi atatu athunthu. Wamphamvu ngati Robinson ankangogudubuza anyamata ochepa thupi, osaphunzira kuika manja. Atafika mu NFL anayamba kukumbatira, ndipo kukumbatira ndi chilango cha mayadi 10. Nthawi yomuphunzitsanso ndi yochepa, chifukwa mgwirizano wa 2011 unathetsa zokonzekera zovala zida kawiri patsiku, n'kusiya zokonzekera zovala zida 14 zokha m'nyengo yonse ya ligi.

Ndiye poonera makanema a wosewera, musayambe ndi zidutswa zokometsera zomwe zili pa YouTube. Sankhani masewero atatu amene anakumana ndi adani abwino koposa, n'kupatula mipira ya third down, mwayi wachitatu pa inayi imene timu imapatsidwa kuti ipeze mayadi 10, pamene patsala mayadi 7 kapena kuposa, poti apo aliyense amadziwa kuti mpira uponyedwa ndipo palibe chobisalira. Yambani ndi mapazi. Phazi lakunja lizitsetsereka chambuyo, lamkati likutsatira, osapingasa miyendo ndiponso osagundanitsa zidendene. Kenako onani popinda: wopinda maondo, msana uli chilili, amakhazikika, pamene wopinda m'chiuno mutu umatsogola ndipo amagwa chafufumimba mdani akangomuzemba. Manja azifika mkati mwa mapewa a mdani, zigongono zili pafupi ndi nthiti. Akamafika kunja kwa mapewa, chifuwa chatseguka ndipo chilango chili pafupi. Onaninso zimene amachita mdani akamukankha molunjika ndi mphamvu zonse: wabwino amabwerera kaphazi kamodzi kapena kawiri, n'kutsitsa chiuno, n'kuzika miyendo. Wofooka amatengedwa mpaka pamiyendo ya quarterback wake.

Chinthu chimene ife timachilemekeza kuposa zonsezi ndi kudzipulumutsa. Mu NFL aliyense amagonja pa sitepe yoyamba nthawi zina. Funso ndi lakuti akaphonya dzanja loyamba, kodi amatha kubweza phazi, kuikanso dzanja n'kumukankhira mdaniyo kuseri kwa quarterback? Pomaliza onani maso ake adani awiri akasinthana njira, wakunja kulowa mkati, wamkati kuzungulira kunja. Tackle wozindikira amapereka munthu wake kwa guard n'kudikira wobwerayo. Wosazindikira amathamangitsa woyambayo n'kusiya khomo pululu. Kwa ochokera m'makoleji aang'ono, sabata ya Senior Bowl ku Mobile, Alabama, imathandiza chifukwa amalimbana mmodzi ndi mmodzi ndi anzawo a m'makoleji akuluakulu.

Kodi left tackle akadali wofunika kuposa right tackle? (Wowerenga wa ku Manchester)

Kusiyanako kwachepa kwambiri. Quarterback woponya ndi dzanja lamanja amafulatira kumanzere, ndipo Lawrence Taylor atathyola mwendo wa quarterback Joe Theismann mu Novembala 1985, matimu anayamba kuika katswiri wawo kumeneko. Adani nawo anachenjera, n'kusamutsira akatswiri awo mbali inayo. T.J. Watt wa Pittsburgh amalimbana ndi right tackle pafupifupi nthawi zonse, ndipo Von Miller ankachita chimodzimodzi ku Denver. Lane Johnson, wa pa nambala 4 mu 2013, wakhala kumanja ku Philadelphia moyo wake wonse wa mu ligi. Kwa woponya ndi lamanzere ngati Tua Tagovailoa, kumbuyo kwake ndi kumanja.

Chosamala nacho ndi kusamutsa munthu. Phazi lotsogola, dzanja loyamba kumenya ndi mbali yotsamira zonse zimatembenuka. Sewell ndi Alt anali kumanzere kukoleji n'kupita kumanja, Wirfs anachoka kumanja kupita kumanzere mu 2023, ndipo onse anakwanitsa, koma anapatsidwa miyezi yokonzekera. Kumusamutsa pakati pa nyengo chifukwa wina wavulala n'kumene kumabala mavuto.

Philadelphia inapeza Jason Kelce m'ndime ya 6 ndi Jordan Mailata m'ndime ya 7. Bwanji matimu onse osangodikira kumapeto? (Wowerenga wa ku Blantyre)

Chifukwa Philadelphia yomweyo sidikira. Kelce anapitadi pa 191 mu 2011, poti ankaoneka wochepa thupi, ndipo Mailata pa 233 mu 2018, atachokera ku rugby league ku Australia asanasewerepo mpira umenewu. Koma Mailata anakhala zaka ziwiri osalowa m'bwalo pa masewero a ligi, akuphunzira pansi pa Jeff Stoutland, mphunzitsi wa mzere amene anafika kutimuyo mu 2013. Pa nthawi yomweyo timuyo inatenga Andre Dillard pa 22 mu 2019 kuti adzakhale left tackle. Dillard sanakwanitse, Mailata n'kumulanda malo. Inatenganso Landon Dickerson pa 37 mu 2021, ndi Cam Jurgens pa 51 mu 2022, Kelce akadasewera, kuti podzapuma iye mu 2024 wolowa m'malo akhale ataphunzira kale. Anthu amakumbukira awiri otsika mtengowo n'kuiwala kuchuluka kwa mwayi umene timuyo inathira pamzere.

M'ndime za kumapeto muzisaka munthu amene chifukwa chotsikira kwake mukuchidziwa ndipo mungathe kuchipirira. Trey Smith anatsikira pa 226 mu 2021 chifukwa cha mbiri ya magazi oundana m'mapapo, madokotala a Kansas City anakhutira, ndipo anayamba masewero kuyambira sabata yoyamba. Jason Peters sanasankhidwe n'komwe mu 2004 poti kukoleji anali tight end. Green Bay ili ndi njira yakeyake: imatenga ma tackle opepuka miyendo a kukoleji m'ndime yachinayi, wokwanitsa n'kukhala kunja, wolephera n'kulowa mkati. Josh Sitton mu 2008, T.J. Lang mu 2009, David Bakhtiari mu 2013 ndi Zach Tom mu 2022 onse anabwera choncho. Amene muyenera kumupewa ndi wa miyendo yolemera, chifukwa manja amaphunzitsika, thupi limamangika, koma miyendo yochedwa mphunzitsi sangaisinthe kwenikweni.

Tiyerekeze kuti ndinu akuluakulu a timu. Muli ndi quarterback wachinyamata, mzere wofooka, ndi mwayi pa 8, 40, 72 ndi ina inayi m'munsi. Mungatani? (Wowerenga wa ku Kasungu)

Tingayambe mu Malichi, draft isanafike, pogula guard mmodzi wodziwa ntchito pamsika. Ma guard amapezeka pamsika kusiyana ndi ma tackle, ndipo kulowa draft muli ndi mabowo atatu kumakukakamizani kutenga munthu pamwamba pa mtengo wake. Las Vegas inatenga Alex Leatherwood pa 17 mu 2021, ambiri akumuyesa wa m'ndime yachiwiri, ndipo inamuchotsa patatha chaka chimodzi. Kansas City chaka chomwecho inasakaniza njira zonse: inagula Thuney pa madola 80 miliyoni a zaka 5, inasinthanitsa mwayi wa draft kuti ipeze Orlando Brown, n'kusankha Humphrey ndi Smith.

Kenako tingafunse mphunzitsi wathu kuti amathamangitsa mpira motani. Wa njira ya zone, imene Alex Gibbs anaitchukitsa ku Denver m'zaka za m'ma 1990, amafuna anthu opepukirapo otha kuthamanga cham'mbali onse pamodzi. Wa njira ya gap amafuna olemera okankha molunjika, ndi guard wotha kutuluka pamalo pake n'kuzungulira kukatsogolera wothamanga. Munthu wabwino pa njira ina amaoneka wosathandiza pa inzake, choncho mndandanda wathu ukhale wa timu yathu, osati wa pa wailesi yakanema.

Pa 8, ngati pali tackle amene tamuyeza kuti ndi wa pamwamba, timutenga osazengereza. Ma tackle amatha msanga: mu 2020 anayi anali atapita pofika pa 13, ndipo mu 2024 osewera a pamzere 9 anapita m'ndime yoyamba. Ngati apamwambawo atha, sititenga wachinayi pa mtengo wa woyamba. Titenga wosewera wabwino koposa wa malo ena, kapena tigulitsa nambalayo n'kutsika. Pa tchati chakale cha Jimmy Johnson chimene matimu amayambirapo kukambirana, nambala 8 ndi mapointi 1,400 ndipo 16 ndi 1,000, choncho kutsikako kuyenera kutibweretsera mwayi wa m'ndime yachiwiri.

Pa 40 kapena 72, umodzi mwa mwayi uwiriwu upite kwa center kapena guard woti ayambe chaka chomwecho. Kwa center timayesa mutu kuposa thupi, poti ndiye amaloza mdani woyambira kuwerengera ndi kuuza anzake wotchinga ndani. Pomufunsa mafunso timamuonetsa kanema, n'kuimitsa mpira usanayambe, kuti atiuze yekha zomwe angalamule. M'ndime ya 4 kapena 5 titenga tackle wa miyendo yabwino woti aphunzire mbali zonse ziwiri. Timu imasunga osewera a pamzere 9 kapena 10 pa anthu 53, ndipo imaveka 8 pa tsiku la masewero kuti iloledwe osewera 48 m'malo mwa 47. Wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri adzasewera ndithu chaka chisanathe. Kansas City, itasowa left tackle wodalirika mu 2024, inasamutsira Thuney kunja, malo awiri n'kufooka nthawi imodzi, ndipo pa Super Bowl ya mu Febuluwale 2025 Philadelphia inagwetsa Mahomes ka 6 ikutumiza anthu anayi okha. Mu Epulo wotsatira Kansas City inatenga tackle Josh Simmons pa nambala 32, ngakhale anali akuchira bondo.